Mng'ono wanga anavulala bondo, tsopano mowa wamugwira: osewera otchuka aja anadzuka bwanji?

MkuluWake (Kawale, Lilongwe)

Moni nonse. Ndakhala ndikuwerenga zokambirana zanu mwakachetechete, koma lero ndabwera ndi nkhani ya kunyumba kwathu, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Mng'ono wanga ali ndi zaka 23. Chikhalire mwana ameneyu sadziwa china koma mpira. Ali wamng'ono ankamanga mpira wachikulunga n'kumaumenyetsa pa khoma la kitchini mpaka mayi amukalipire. Atakula analowa timu ina ya m'ligi yaing'ono kuno m'chigawo chapakati, sinditchula dzina, ndipo ankasewera kutsogolo cha kumanzere. Sindikumukometsera chifukwa ndi m'bale wanga ayi. Akalandira mpira m'mphepete mwa bwalo, anthu okhala pansi ankaimirira.

Mu Ogasiti chaka chatha anavulala, ndipo palibe anamugunda. Analumpha kuti amenye mpira ndi mutu, potera phazi linakodwa pa kadzenje, thupi linazungulira koma mwendo unatsala pomwepo. Ine ndinali nditaima pafupi ndi kona, ndinamva ndi makutu anga bondo likulira kuti "tho!" ngati nthambi youma. Pofika madzulo linali litatupa ngati dzungu. Ku chipatala anajambula n'kupeza kuti mafupa ali bwino, koma dotolo atalikoka ndi manja anati mtsempha wam'kati umene umagwira bondo kuti lisamagwedere unaduka. Anati ngati akufuna kudzaseweranso, pakufunika opaleshoni. Odikira opaleshoniyo ndi ambiri, ndipo ya kolipira ndalama zake ine wogulitsa zitsulo za njinga mumsika sindingazipeze. Akuluakulu a timu yake anabwera kamodzi ndi shuga ndi sopo. Kuyambira pamenepo foni zawo zimangoitana.

Pano amayenda, koma akapotoloka mwadzidzidzi bondo limathawa. Chimene chikundisowetsa tulo tsopano si bondolo. Amachoka m'mawa osanena kumene akupita, kubwera dzuwa litalowa, fungo la kachasu lili patsogolo. Mwana amene ankakana ngakhale zakumwa za shuga kuti zimulemeretsa. Usiku wina ndinadzuka kuti nditsekere magetsi a panja, ndinamupeza atakhala pa mkeka, jombo zake za mpira zili pamiyendo, akuchotsa dothi louma pansi pake ndi kamtengo ka machesi. Jombo zoti sizinaponde bwalo chaka chathunthu. Atandiona anaziponya pansi pa bedi n'kugona chafufumimba.

Ndinayesa kumulimbitsa mtima ndi nkhani ya Ronaldo wa ku Brazil, kuti nayenso bondo linamuvuta koma anadzagoletsa zigoli ziwiri pa fainolo ya World Cup mu 2002. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Achimwene, Ronaldo anali ndi dotolo wa ku Paris. Ine ndili ndi Panado." Ndinasowa choyankha.

Ndiye funso langa kwa inu odziwa mbiri ya masewero ndi ili. Mathero a anthu otchukawa tonse timawadziwa, zikho ndi zigoli. Ine ndikufuna chapakatipo, miyezi ija pamene panalibe kamera. Chinawadzutsa n'chiyani? Ndalama basi? Nanga mng'ono wangayu ndizimuuza chiyani? Ndipitirize kumulonjeza kuti adzasewera?

Bambo a Tadala (Ntcheu)

Pepani kwambiri achimwene ndi zimene zakugwerani. Mnyamatayo adayankha zoona, koma nkhani ya Ronaldo mudamuuza kumapeto kokha, mudadumpha pamene pali mnofu. Ine nthawi imeneyo ndinkatsata Inter Milan, timu imene iye ankasewera, ngati tchalitchi, ndiye ndiloleni ndiiyale bwino.

Adavulala koyamba mu Novembala 1999, Inter ikusewera ndi Lecce. Mtsempha umene umalumikiza kafupa kozungulira ka pamwamba pa bondo ndi fupa la mwendo udang'ambika. Adapita ku Paris, dotolo Gérard Saillant adamupanga opaleshoni. Pa 12 Epulo 2000 adabwerera m'bwalo ku Rome, pa fainolo ya Coppa Italia yolimbana ndi Lazio. Adalowa kuchokera pa benchi, ndipo sadathe ngakhale mphindi khumi. Adatenga mpira, n'kuyamba chenga zake zija zodumphitsa miyendo pamwamba pa mpira, mwendo wa kumanja udangopindika wokha. Mtsempha womwewo udaduka kotheratu. Ndidaonera pa kanema wa m'sitolo ya mnzanga, ndipo sindidzaiwala: munthu wamkulu akulira mofuula atagwira bondo, osewera a matimu onse awiri manja ali kumutu. Ambiri adati adafulumira kubwerera. Pamenepa mumve bwino, chifukwa mnyamata wanu tsiku lina akadzamva kuti bondo lapepuka adzafuna kuthamangira ku bwalo.

Nyengo yonse ya 2000 mpaka 2001 sadasewere ngakhale masewero amodzi. Atabwerera chakumapeto kwa 2001, minyewa ya ntchafu idayamba kumuvutanso, kulowa n'kutuluka. Ndipo pa 5 Meyi 2002, pa bwalo lomwelo la ku Rome, Inter idagonja 4-2 kwa Lazio yomweyo pa tsiku lomaliza la ligi, chikho n'kupita kwa Juventus. Ronaldo atamutulutsa adakhala pa benchi misozi ili chuchuchu. Taonani, apa n'kuti patatsala masabata asanu ndi atatu kuti ifike fainolo imene mudamuuza mng'ono wanu, ya pa 30 Juni 2002 ku Yokohama. Mphunzitsi wa Brazil, Luiz Felipe Scolari, adamutenga anthu ambiri akudandaula kuti akunyamula wodwala, iye n'kukamwetsa zigoli 8 mumpikisano wonsewo.

Kuchoka pa Lecce kufika ku Yokohama ndi zaka ziwiri ndi miyezi isanu ndi iwiri. Dotolo wa ku Paris uja ntchito yake idali ya maola ochepa. Nthawi ina yonseyo idali ya Ronaldo ndi fiziyo wake (katswiri wolimbitsa ziwalo zovulala) Nilton Petrone, kupinda bondo louma tsiku ndi tsiku, kuwawa kulipo. Sindikukana kuti ndalama zidagula mpeni wabwino, komatu kupinda kuja palibe adamupindira.

Pa Inter yomweyo padalinso Nwankwo Kanu. Mu 1996 pa masewero a Olimpiki ku Atlanta adagoletsa ziwiri zomaliza pamene Nigeria idagonjetsa Brazil 4-3, n'kukatenga golide pogonjetsa Argentina 3-2. Atangofika ku Inter, madotolo adamuyeza n'kupeza kuti pali chilema pa kakhomo kena ka mu mtima. Mnyamata wa zaka 20, wosamva kuwawa paliponse, kuuzidwa kuti mwina mpira watha. Adamung'amba pachifuwa ku Cleveland, ku America, mu Novembala chaka chomwecho. Ku Inter sadapezenso malo enieni, mpaka Arsène Wenger adamutengera ku Arsenal mu 1999, ndipo mu Okutobala chaka chimenecho adamwetsa zitatu m'mphindi 15 zomaliza pa bwalo la Chelsea, Arsenal itatsalira 2-0. Mu 2000 adayambitsa Kanu Heart Foundation yothandiza ana a mu Africa odwala mtima. Kwa ine chidadzutsa Kanu ndi mphunzitsi mmodzi amene adamukhulupirira ena atamuika pambali. Kuona maso a nkhono n'kudekha, achimwene.

NaJere (Mzuzu)

Achimwene, amuna mukayamba za mpira mumathamangira ku Italy, chonsecho chitsanzo tili nacho pakhomo. Mwawi Kumwenda, mwana wa ku Mzimba kuno. Mu 2015 ku Sydney anasankhidwa kukhala wosewera bwino koposa onse pa mpikisano wa dziko lonse wa ntchemberembaye. Mu 2018, ali ku Melbourne Vixens, anaduka mtsempha womwewo umene waduka mng'ono wanu. Mpikisano wa dziko lonse wa 2019 ku Liverpool unamudutsa, ma Queens anapita popanda iye. Ganizirani mmene zinamuwawira, anzake akuimba nyimbo ya fuko iye akuphunziranso kudumpha. Koma mu Okutobala 2020 ku Brisbane, Vixens inagonjetsa West Coast Fever 66-64 pa fainolo, ndipo amene anapatsidwa ulemu wa wosewera bwino pa tsikulo anali Mwawi. Timu yake inamusunga nthawi yonse ya kuvulalako. Ya mng'ono wanu inamutaya, ndipo ndikuganiza kuti bala limenelo ndi lalikulu kuposa la bondo.

Inenso bondo langa la kumanzere linaduka chimodzimodzi ndili ku koleji, ndinkasewera pakati. Opaleshoni sindinapange. Ku ntchemberembaye sindinabwerere, koma lero ndimakwera phiri ndi katundu pamutu, ndimathamanga m'mawa, ndipo ndimaphunzitsa atsikana a ku sukulu imene ndimagwira ntchito. Ndiye ndikuuzeni zimene ndinaphunzira m'thupi langa.

Tengani chingwe usiku uno, muyese ntchafu zake zonse ziwiri pamalo ofanana, pamwamba pa bondo pang'ono. Mupeza kuti yovulalayo ndi yowonda. Munthu akamaopa mwendo, mnofu wa ntchafu umafota, ndipo ukafota bondo limagwedera koposa, chifukwa mtsempha kulibe, mnofu umene ukanathandiza nawonso kulibe. Ine kusiyana kwake kunali zala zitatu, ndinalira nditaona. Bondo likamathawathawa choncho limawononganso chichereŵechereŵe cham'kati, ndipo chimenecho chikaperepeseka ndi nyamakazi ya ukalamba munthu akadali mnyamata. Ndiye asayerekeze kusewera ngakhale ka mpira ka masana ndi anzake.

Chachiwiri, musadikire opaleshoni manja ali m'thumba. Zipatala zazikulu za boma zili ndi a fiziyo. Pemphani kalata kwa dotolo amene anamuona, akayambe. Ngakhale madotolo a opaleshoni amafuna mwendo wolimba, wotha kuwongoka ndi kupindika bwino, asanaugwire ndi mpeni. Zambiri zimene anandiphunzitsa sizifuna makina: kugona chagada n'kumakweza mwendo uli wowongoka, kutsamira khoma n'kumatsika pang'onopang'ono ngati ukukhala pa mpando, kuimira mwendo umodzi potsuka mano. Ndipo inu mumagulitsa zitsulo za njinga, simungasowe njinga. Kwezani chishalo kuti bondo lisamapindike kwambiri, ayambe pa msewu wosalala, a fiziyo akavomereza. Munthu amene thupi lake linazolowera thukuta tsiku lililonse kuyambira ali mwana, mukamukhazika pa mkeka chaka chathunthu, mutu umadwala.

Ndinasiya2016 (Ndirande, Blantyre)

Ndikupempha kuti ndisiyane pang'ono ndi akuluakulu amene andiyambira. Zimene anena ndi zoona, koma achimwene, inu mwalemba nokha kuti chikukusowetsani tulo si bondo. Ndiye tisakambe bondo lokha.

Nkhani za Ronaldo, Kanu ndi Mwawi timazikonda chifukwa zinatha bwino. Nanga ena aja? Marco van Basten anatenga Ballon d'Or, mphotho ya wosewera bwino koposa pa chaka, katatu, mu 1988, 1989 ndi 1992. Masewero ake omaliza anali fainolo ya Champions League ya 1993 pakati pa timu yake ya AC Milan ndi Marseille, ali ndi zaka 28. Anavutika ndi kakolo zaka ziwiri, maopaleshoni osatha, ndalama zonse za Milan zilipo, mpaka mu 1995 anavomera kuti zatha. Kodi ameneyu anali waulesi? Mukamamuuza mnyamata wanu kuti olimba mtima amabwerera, iye m'mutu mwake akumva kuti ngati sabwerera ndiye kuti ndi wofooka. Ndikukupemphani, lekani kumulonjeza. Mwina adzasewera, mwina ayi, ndipo ayenera kukhala ndi moyo mbali zonse ziwirizo.

Taganizaninso za Adriano wa ku Brazil, amene ankasewera ku Inter Milan. Mu Julayi 2004 anali mfumu ya Copa America, anamwetsa zigoli zambiri kuposa onse, n'kubweza chigoli m'mphindi yomaliza pa fainolo yolimbana ndi Argentina. Patangopita masiku ochepa, mu Ogasiti, bambo ake anamwalira ku Rio de Janeiro. Miyendo yake inali yonse, dotolo aliyense wa ku Milan akanamupeza, koma mwini wake wakhala akunena poyera kuti chisoni chinamulowetsa mu mowa, mpaka kumafika ku treningi ataledzera. Sanabwererenso pa mlingo uja. Ndipo Robert Enke, goloboyi wa Hannover 96 ndi timu ya dziko la Germany, anabisa matenda a maganizo kwa zaka zambiri poopa kuti anthu akadziwa ataya zonse, mpaka anadzipha mu Novembala 2009 ali ndi zaka 32. Ndikutchula izi osati kukuopsezani. Ngati mng'ono wanu atayamba kunena mawu ngati "bola kufa" kapena kugawa zinthu zake, musamusiye yekha, mupite naye ku chipatala tsiku lomwelo.

Munthu amene nkhani yake ikufanana ndi funso lanu ndi Tony Adams. Anakhala kaputeni wa Arsenal ali ndi zaka 21. Mu 1990 anawombetsa galimoto pa khoma ataledzera, ndipo mu Disembala chaka chomwecho analowa m'ndende ya Chelmsford. Mungaganize kuti ndende inamusintha. Ayi ndithu. Anatuluka mu Febuluwale 1991, ananyamula chikho cha ligi chaka chomwecho, n'kupitiriza kumwa zaka zina zisanu. Ndende inalephera, zikho zinalephera, manyazi a m'nyuzipepala analephera. Mu Juni 1996 England itagonja kwa Germany pa mapenate ku Wembley, iye ali kaputeni, anamwa masabata otsatizana. Mu Ogasiti anafika poti sangathenso, anakakhala pansi ndi anthu ena osiya mowa a Alcoholics Anonymous, ndipo mu Seputembala anauza dziko kuti ndi chidakwa. Mnzake wa pa timu yomweyo, Paul Merson, anali ataulula kale zake mu 1994, ndiye panali wina pafupi amene anayendapo njirayo. Adams anaseweranso zaka zisanu ndi chimodzi, ananyamula ligi ndi FA Cup pamodzi mu 1998 ndi 2002, ndipo mu 2000 anatsegula Sporting Chance, malo othandiza osewera ogwidwa ndi mowa, mankhwala ndi juga. Pa funso lanu loti chinamudzutsa n'chiyani, yankho lake silinali m'bwalo. Linali tsiku limene pakamwa pake panatuluka zoona, pamaso pa anthu amene sanamuseke.

Ndikudziwa chifukwa inenso ndinali kumeneko. Ndinkayendetsa minibasi, ntchito itatha ndinamwa zaka zinayi. Mkazi wanga analira, abusa anabwera, akulu anga anandimenya mbama, zonsezo zinangondiwonjezera ludzu. Amene anandichotsa ndi malume anga, munthu wosalankhula zambiri. Madzulo aliwonse akaweruka ankabwera pamalo pamene ndinkamwera, n'kukhala pa njerwa panja pa mpanda, chipewa chili pa bondo, osalowa, osandiitana. Ndikatuluka ankaimirira n'kuyenda pambali panga mpaka kunyumba. Ndinkawatukwana m'njira, iwo duu. Anachita zimenezi pafupifupi miyezi iwiri. Tsiku lina mvula inagwa, ndinasuzumira pa mpanda ndinawaona ali pomwepo, malaya atamatirira pa thupi. Ndinatuluka botolo lisanathe. Tili m'njira ndinawauza zinthu zimene ndinali ndisanauzepo munthu. Sindinasiye tsiku limenelo, ndinagwanso kangapo, koma kuyambira mu 2016 sindinalawenso.

Ndiye musamupatse ndalama m'manja, mugulireni chinthucho. Mum'peze m'mawa asanatuluke, chifukwa woledzera simukambirana naye. Mum'tenge ku msika kuti akugwirireni ntchito, ngakhale yosanja zitsulo, masana asamakhale opanda kanthu. Ndipo mukakhala naye, za Ronaldo zisiyeni kaye. Mufunseni chimene chikumuwawa, inu mukhale chete.

Wa ku Chipata (Zambia)

Ndalowa mochedwa, koma ndili ndi kanga kochepa kochokera kuno kwathu. Mu Epulo 1993 ndinali mwana wa sukulu ya pulaimale. Ndikukumbuka atate atagwira wayilesi pafupi ndi khutu, amayi ataima pakhomo ndi mthiko m'manja, nsima ikupserera pa moto. Ndege ya asilikali imene inanyamula timu yathu kupita ku Dakar kukasewera ndi Senegal inagwera m'nyanja itangonyamuka ku Libreville, ku Gabon, usiku wa pa 27 Epulo. Anthu onse 30 anatha, osewera 18, pamodzi ndi aphunzitsi Godfrey Chitalu ndi Alex Chola. Anaikidwa pafupi ndi Independence Stadium ku Lusaka.

Kalusha Bwalya sanali m'ndegemo chifukwa ankasewera ku PSV Eindhoven, ku Netherlands, ndipo anayenera kukakumana ndi anzake ku Dakar. Munthu amene anamwetsa zitatu pamene tinagonjetsa Italy 4-0 ku Gwangju, pa masewero a Olimpiki a ku South Korea mu 1988, anadzuka tsiku limodzi anzake amene anakula nawo m'bola kulibe. Thupi lake linalibe bala. Koma mu Julayi chaka chomwecho anatsogolera timu yosonkhanitsidwa mwachangu, n'kugonjetsa Morocco 2-1 ku Lusaka, iye atagoletsa cha friikiki, manda a anzake ali kuseri kwa bwalo. World Cup inatiphonya titagonja 1-0 ku Casablanca, ndipo mu 1994 tinafika pa fainolo ya chikho cha Africa ku Tunis, Nigeria n'kutigonjetsa 2-1.

Chimene ndikufuna mng'ono wanu adzamve, nthawi yake ikadzakwana, ndi ichi: Kalusha chikho cha Africa sanachitenge ndi jombo. Anachigwira pa 12 Febuluwale 2012, ali ndi zaka 48, atavala suti ngati pulezidenti wa FAZ, bungwe loyendetsa mpira kuno ku Zambia, mu Libreville momwemo, anyamata a Hervé Renard atagonjetsa Ivory Coast 8-7 pa mapenate, Stoppila Sunzu atamenya yomaliza. Masiku ochepa fainolo isanachitike anapita ndi anyamatawo ku gombe kukaponya maluwa m'madzi. Atate anga n'kuti atamwalira, ndinaonera ndekha ndikulira. Mnyamata wanu amadziwa bola m'mutu, osati m'mwendo mokha. Pafupi ndi kwanu payenera kuti pali ana amene amathamangitsa chikulunga popanda wowauza poima.

MkuluWake (Kawale, Lilongwe)

Zikomo nonse, ndawerenga kangapo. Ndachedwa kuyankha chifukwa ndimafuna ndiyambe ndachitapo kanthu.

A NaJere, chingwe chija ndinayesa Lachiwiri m'mawa. Poyamba anakana, kenako anatambasula miyendo yekha. Kusiyana kwake zala zinayi zanga. Anatenga chingwecho n'kuyesanso yekha kawiri, osanena kanthu. Kalata ya dotolo ndakatenga, ndipo a fiziyo atipatsa Lachinayi la sabata ya mawa.

A Ndinasiya2016, mawu anu anandilasa, chifukwa ndine amene ndakhala ndikulonjeza. Lachitatu nditatseka pamsika ndinafunsa ana a m'mudzi kumene amamwera, anandilozera. Ndinakhala pa chitsa kutsidya kwa kanjira. Anthu odutsa ankandiyang'ana, ena ondidziwa, nkhope inandiyaka. Atatuluka n'kundiona anaima kanthawi, ndinaganiza kuti abwerera m'kati, koma anabwera. Tinayenda osalankhula mpaka pa mjigo. Pamenepo ndi pamene anati, "Mukamandiuza za Ronaldo ndimamva ngati mukunena kuti ndine waulesi." Ndinapepesa. Kenako anandiuza chinthu chimene sindinkachidziwa. Loweruka lililonse minibasi ya timu yake imadutsa pa msewu wa kumtunda kwathu anyamata akuimba, ndipo iye akangoimva amathawira kuseri kwa bafa kuti asamuone. N'chifukwa chake Loweruka amachoka m'mamawa kwambiri. Chaka chonse ndakhala naye nyumba imodzi osadziwa.

Sindikunamizani, Lamlungu anamwanso, anabwera mochedwa. Lolemba ndinapitanso pa chitsa paja. Za ku msika wavomera masiku atatu pa sabata, ndipo dzulo anasanja masipoko ndi ma chubu bwino kuposa mnyamata amene ndimamulipira. Za ana a chikulunga, achimwene a ku Chipata, sindinamuuzebe, ndaona kuti bwalo likadamuwawa kuliona. Bambo a Tadala, nkhani ya pa 5 Meyi ija ndaisunga, ndidzamuuza akadzafunsa yekha.

Njinga ndamukonzera, yakale ya malemu bambo athu, ndaika matayala atsopano n'kukweza chishalo. Ili pakhonde kudikira Lachinayi. Usiku wathawu ndinamumva akuzunguza pedulo ndi dzanja, kumvetsera ngati tcheni chikukhula. Funso langa kwa a NaJere: tsiku loyamba kwa a fiziyo apite atavala kabudula, kapena amapereka zovala konko? Ndipo kodi amalola m'bale kulowa nawo?